Mabowo Amene Bambo Anasiya

Johannesburg
14 Febuluwale 1999

Okondedwa amake Lily,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu, wa amayi ndi wa mwana wathu Lily. Ine kuno ndili bwino, kungoti manja akuyabwa, koma zimenezo ndi za ntchito. Kalata yanu ndinailandira Lachiwiri kwa a Prosper, aja oyendetsa galimoto ya katundu, ndipo ndaiwerenga kanayi. Matemba munatumiza aja anafika. Mnzanga wogona naye, Japhet wa ku Jali, wati ndikuthokozereni, ngakhale wadya kuposa mwini wake.

Nkhani ya chifuwa cha amayi yandisowetsa mtendere. Mwalemba kuti adokotala anati chisanu china ngati cha chaka chatha chikhoza kuwatenga. Norah, mawu amenewo ndawamva. Nyumba ija ndimaidziwa, ndinakuliramo. Malemu bambo anaimanga ndisanabadwe, nthawi imene ankadzala paini kuphiriko, ndipo chiyambire sinaonepo siling'i. Mu Juni nkhungu ikatsika imalowa mpaka pabedi ngati nayonso imalipira lendi. Mwatinso thumba la makala limatha sabata ziwiri zisanakwane chifukwa mbaula siizima.

Tsono tamvani chimene chikundidya. Ntchito imene ndapeza chaka chino ndi yofunditsa nyumba za anthu. Timakwera kudenga, pamwamba pa siling'i, n'kuyala chinthu chonga bulangete lathonje, chachikasu, choyabwa koopsa. Timamata mipata ya m'mawindo ndi ya pansi pa zitseko. Tikatero kutentha sikuthawa, eni nyumba sawononga magetsi ambiri. Dzulo tinamaliza nyumba ya gogo wina wachizungu, msinkhu wa amayi ndithu. Anatipatsa tiyi akuseka, akuti chaka chino mawondo ake apuma. Ine ndinamwa tiyiyo ndikuganiza za amayi. Zaka zinayi ndili kuno, maliro a bambo sindinabwere, inu munasiya kwanu ku Chinamwali kukasunga apongozi anu kozizira, ine ndili kalikiliki kufunditsa amayi a anthu ena. Ndili ndi manyazi, ndanena.

Ndapereka marandi 700 kwa a Prosper. Mugulepo nsapato za Lily, zotsalazo ndi za nyumba. Mupite kwa a Fadili, mmisiri uja anali mnzawo wa bambo, mukawauze kuti ndili nawo ntchito chisanu chisanafike. Ndondomeko yake ndilemba m'kalata ina.

Ndine mwamuna wanu,
Henderson


Johannesburg
28 Malichi 1999

Amake Lily,

Muli bwanji nonse kumeneko? Ndasangalala kumva kuti amayi akudya bwino ndiponso kuti nsapato zinamukwana mwanayo. Ine ndadzuka bwino.

Kalata ino muwawerengere a Fadili pang'onopang'ono, ndipo asadumphe kanthu.

Choyamba siling'i. Zogula kusitolo zija sitingazikwanitse. Apite kwa anthu ocheka matabwa kumtunda kwa damu akatenge mapulanga otsala, otchipa aja, awakhome mothinana, pasamaoneke malata. Thonje lathu lachikasu kwathu kulibe, koma ndaganiza mpaka mutu kutentha ndipo ndapeza chochita. Utuchi! Ocheka matabwa amangoutaya. Mutenge matumba a feteleza opanda kanthu, mudzaze utuchi wa paini, koma muyambe mwauyanika padzuwa masiku atatu, usakhale ndi chinyezi ngakhale pang'ono. Muusakanize ndi laimu kuti chiswe ndi makoswe zisakamange mudzi m'menemo. Matumbawo awayale pamwamba pa siling'i mophwathalala, lina kukhudza linzake. Ndinawafotokozera akapitawo athu nzeru imeneyi, anaseka, koma anati ingagwire.

Mawindo awiri aja tinatseka ndi katoni aikemo magalasi, amate m'mbali ndi pate, phala lija logwiritsa magalasi. Pansi pa chitseko chilichonse akhomerepo chubu chakale cha njinga, chizikwekwereza pansi munthu akamatsegula.

Chomaliza ndi chachikulu. Pamwamba pa mawindo pali mabowo a mpweya aja, njerwa zoboolaboola zimene a Fadili amazitcha maventi. Alipo asanu ndi atatu, ndinkawawerenga ndili mwana ndikamadwala. Onsewo atsekedwe ndi simenti. Bwana wathu amati kufunditsa nyumba yamabowo kuli ngati kutungira madzi m'ndowa yobooka, ndipo munthuyo ntchito amaidziwa.

Za kuno sindinena zambiri. Masiku ano popita kuntchito tikumadzera njira yakuseri kwa siteshoni, pali zifukwa zake. Musade nkhawa. Mwafunsa ngati ndibwere pa Pasaka. Ntchito yachuluka, Norah, anthu onse akufuna timalize chisanu chisanayambe.

Mundiperekere moni kwa amayi ndi kwa malume a Hamilton mukawaona kutchalitchi.

Henderson


Johannesburg
2 Meyi 1999

Amake Lily,

Ndikhulupirira Mulungu akukusungani. Ine ndili bwino, chimfine chokha chimene chabwera ndi mphepo ya kuno.

Mtima wanga unayera nditamva kuti siling'i yatha ndipo matumba a utuchi akwera kudenga, makumi anayi ndi awiri. Mwagwira ntchito, mkazi wanga, kusenza zonsezo kutsika nazo phiri, ndipo mwina msana sunachire. Pepani. Imeneyo inali ntchito yanga.

Koma nkhani ya a Fadili yandikwiyitsa. Akuti akana kutseka mabowo? Akuti bambo anawasiya dala, akuti nyumba yakuphiri imafunika kupuma? Asa! Nyumba ili ndi mapapo? A Fadili ndi aakulu, ndimawalemekeza, anandikhomera bedi loyamba ndi manja awo. Koma anafikapo ku Joni? Anakwerapo denga la nyumba yosanja? Ine nyumba zimene ndafunditsa kuno zaposa makumi asanu, ndipo palibe anabwerapo kudzadandaula. Zakale zija ndi zimene zawadwalitsa amayi chifuwa zaka zonsezi. Ngati safuna, pezani mmisiri wina, ku Chikanda alipo ambiri.

Mwati amayi akukayika chifukwa a Fadili ndi mnzawo wa malemu. Ndikudziwa kuti inu monga mpongozi simungawalamule m'nyumba yawo. Choncho mawu otsatirawa muwawerengere momveka, monga ndawalembera.

Amayi, ndine mwana wanu Henderson. Sindinabwere kudzaika bambo, ndipo nkhani imeneyi imandiwawa tsiku ndi tsiku. Ndiloleni ndichite chinthu chimodzi chabwino pakhomo panu. Mabowo aja atsekedwe, onse asanu ndi atatu. Ndipo akatsekedwa, munthu aliyense asadzawakhudze, kaya ndi a Fadili, kaya ndi malume, kaya ndani, mpaka ine nditabwera ndekha. Ndikulonjeza kuti chaka chino simutsokomola.

Basi, ndi amenewo. Simenti theka la thumba ikwana. Lily mumuuze kuti chithunzi cha nyumba chimene anajambula ndachimata pakhoma pafupi ndi pomwe ndimagona, ndipo Japhet akuti utsi wake ndi waukulu kuposa nyumbayo.

Wanu,
Henderson


Johannesburg
6 Juni 1999

Wokondedwa wanga Norah,

Moni wa chimwemwe kwa nonse! Ine ndili bwino kwambiri lero, kalata yanu yandichiritsa ndi chimfine chomwe.

Mwaonatu? Ndinanena ine! Chiperoni chagwa sabata yathunthu, amayi osatsokomola ngakhale kamodzi. Thumba la makala lafika sabata yachinayi lisanathe. Ndinamuwerengera Japhet ndime imeneyo kawiri, mpaka anati ndisiye kudzitama ngati ndapanga ndege. Ndipo zoti amayi anaitana azimayi a mvano kudzagwira makoma, akuwauza kuti mwana wawo wa ku Joni wawamangira Ulaya, zandiseketsa mpaka misozi. Kunena zoona, Norah, misozi ina sinali ya kuseka. Chichokereni kwathu aka n'koyamba kumva kuti ndine mwana wa munthu.

A Fadili mwati anatseka mabowo aja, ndipo atamaliza anakana tiyi. Asiyeni, mtima udzatsika. Mukawapatse jekete limene ndatumiza kwa a Prosper, labuluu, lili ndi ubweya m'kati. Juzi yofiira ndi ya Lily, mpango ndi wanu.

Za mutu umene amayi akumadzuka nawo m'mawa, ndi chizungulire chija, musachite mantha. Mwina ndi malungo akuyamba, kapena ndi fungo la laimu lisanathe. Muwagulire mankhwala a mutu kugolosale kwa a Salim. Mwati masana akakhala panja umasiya wokha, ndiye si nkhani yaikulu. Chachikulu azifunda, ndipo azitseka chitseko cha kuchipinda kwawo kuti kutentha kwa mbaula kusabalalike.

Kuno nako kwazizira, madzi akuuma m'ndowa. Kanyumba kathu kamalata ndakamata mipata yonse ndi nyuzipepala ndi zotsala za kuntchito, moti anzathu oyandikana nafe akubwera kudzaonera. Mawa tikupita ku Pretoria, kuli nyumba yaikulu, tikagona komweko mpaka ithe. Japhet akuti adzipezera kambaula ka chitini kuti asafe ndi chisanu ine kulibe.

Ndine wanu nthawi zonse,
Henderson


Johannesburg
20 Juni 1999

Norah,

Moni ndipereka bwino tsiku lina. Mukangowerenga mzere uno, siyani chilichonse, thamangani kwa a Fadili. Mabowo aja atsegulidwe lero lomwe. Mbaula isalowenso kuchipinda kwa amayi. Lily asagone kumeneko. Chonde, chonde.

Japhet wamwalira. Ndinabwera kuchokera ku Pretoria dzulo m'mawa n'kupeza chitseko chili chokhoma m'kati. Ndinagogoda, ndinaitana, zii. Tinathyola ndi anzathu. Anali gone pabedi lake, bulangete mpaka m'khosi, nkhope ili bwinobwino ngati munthu amene akulota zabwino. Pambali pake kambaula kaja, phulusa lokhalokha.

Munthu wa ambulansi anayang'ana makoma, anazula nyuzipepala imodzi pampata, n'kufunsa kuti anamata ndani. Sindinaulule kuti ndine, Norah. Iye ndiye anatifotokozera kuti makala akamayaka amatulutsa mpweya woipa, wosaoneka, wopanda fungo, ndipo m'nyumba yotsekeka mpweyawo umangodzaza mpaka munthu kugona osadzukanso. Anati umayamba ndi mutu ndi chizungulire m'mawa, zimene zimasiya munthu akatuluka panja.

Mutu, Norah! Mutu wa amayi uja! Ine n'kumati muwagulire mankhwala, n'kumati azitseka chitseko. Mayo ine.

Nyumba zimene timamata kuno anthu ake amaotha hita yamagetsi. Hita siitulutsa mpweya woipa. Ine ndinatenga nzeru ya nyumba yamagetsi n'kukaiika pa nyumba yambaula, osafunsa munthu. Bambo ankadziwa. A Fadili ankadziwa, ine n'kuwafunsa ngati anafikapo ku Joni.

Ndaimba telefoni kugolosale kwa a Salim kasanu, sikulowa. A Prosper ali kumeneko, abwera mwezi wamawa. Kalata ino ndapatsa mayi wina wa ku Thondwe amene akukwera basi Lachiwiri, ndamugwadira kuti aifikitse pakhomo. Ndikupemphera kuti ikupezeni nonse muli moyo.

Thupi la Japhet tikusonkherana kuti lipite ku Jali. Mkazi wake sindikudziwa ndimulembera chiyani.

Henderson


Johannesburg
18 Julayi 1999

Amake Lily,

Muli bwanji? Amayi adzuka bwanji? Ine thupi lili bwino.

Kalata yanu a Prosper anandipatsa Lachisanu. Ndinaitsegula nditakhala pansi. Yanga ija inakupezani pa 26 Juni, amayi ali kale m'chipatala masiku awiri. Masiku awiri okha, Norah. Ndakhala ndikuwerenga masiku amenewo ngati kuwerenga kungawabweze.

Mwalemba kuti munadabwa dzuwa litakwera amayi osatuluka kudzasesa, ndipo munaitana osayankha. Mwati a Fadili ndiwo anathyola chitseko, n'kuwabereka kumsana mpaka pamsewu, munthu wamkulu ngati uja, mpaka anapeza lole ya matabwa yotsikira m'tauni. Mwatinso Lily akanagona ndi agogo ake tsiku limenelo, koma munamukaniza chifukwa anali ndi chimfine. Ndime imeneyo sinditha kuibwereza. Ndikafika pamenepo ndimapinda kalata.

Tithokoze Mulungu kuti atuluka, ngakhale mwati dzanja lamanja likunjenjemera ndipo nthawi zina amakuitanani dzina la malemu mchemwali wanga. Adokotala ngati anati zikhoza kusintha, tigwire mawu amenewo.

Koma zoti malume a Hamilton akuyenda m'mudzi kunena kuti a Fadili anafuna kupha mlongo wawo ndi umisiri wabodza, zimenezo ayi. Munabisa makalata anga kuti dzina langa lisaipe, ndamva, ndipo ndikudziwa kuti ndi chikondi. Atulutseni. Ya pa 2 Meyi ija muwapatse malume awerenge okha, mokweza, a Fadili ali pomwepo. Wolakwa ndine. Jekete lija ngati analibweza, analibweza bwino.

Chimene chandiopsa ndi chomaliza chija, kuti amayi akukana kuti mabowo atsegulidwe. Akuti anangokomoka ndi malungo, akuti nyumba ya mwana wawo ilibe mlandu. Muwawerengerenso mawu awa.

Amayi, ndine Henderson. Ndinalakwitsa. Mabowo amene bambo anasiya aja ndi amene ankakusungani moyo zaka zonsezi. Aloleni a Fadili awatsegule. Siling'i ndi utuchi zikhale, magalasi akhale, nyumba idzafundabe. Koma mpweya uzilowa, ndipo mbaula izitsala panja mukamagona. Ndakugwirani mwendo, amayi.

Mundiyankhe msanga, ngakhale mizere iwiri.

Henderson


Johannesburg
8 Ogasiti 1999

Norah mkazi wanga,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli ndi mphamvu, ngakhale ndikudziwa kuti mwatopa. Ine ndili moyo.

Yankho lanu ndalimva. Amayi akuti pepala silili pakamwa pa mwana wawo. Akuti iwo sadziwa kuwerenga, ndiye angadziwe bwanji kuti si inu ndi a Fadili mwapangana zowalanda nyumba yofunda. Pepani, Norah, mawu amenewo sanakuyenereni, inu amene munagona pansi m'chipatala masiku asanu ndi anayi. Akuti chimene akuchikumbukira ndi chimodzi: Henderson anati munthu asakhudze mabowo mpaka atabwera yekha. Zambiri zawathawa m'mutu, koma zimenezo zokha zakhala. A Fadili atabwera ndi makwerero anawapeza atakhala pakhomo ndi ndodo. Ndipo sabata yatha munapeza makala atabisa pansi pa bedi, m'beseni losambira. Kuphiriko Ogasiti amazizirabe, ndikudziwa, ndipo inu simungakhale maso masiku onse.

Tsopano ndikuuzeni chimene ndakubisirani. Bambo atamwalira ndinalemba kuti bwana anandikaniza tchuthi. Linali bodza. Chidindo cha m'pasipoti yanga chinatha mphamvu chaka choyamba chomwe. Ndikukhala kuno mobisala, n'chifukwa chake ndimadzera kuseri kwa siteshoni. Anzathu amene anatuluka ndi pasipoti yotere sanabwererenso, ntchito zawo anatenga ena. Ndinaopa zimenezo. Ndinasankha ntchito, bambo anaikidwa ine ndili kuno pantchito ya munthu. Pasaka uja ndinanamanso. Zaka zonsezi ndimadziuza kuti ndikatumiza kenakake ndiye kuti ndafika, ndipo nyumba ijanso ndinafuna kuikonza ndi kalata kuti ndisabwere.

Dzulo ndawauza akapitawo kuti ndikupita kwathu. Anati malo anga sangandisungire, ndinati ndikudziwa. Sindibwera ndi wailesi kapena njinga ngati anzathu, Norah. Ndili ndi chikwama chimodzi, chithunzi cha Lily chija, ndi kabokosi ka zovala za Japhet koti ndikapereke ndekha ku Jali. Kumenekonso ndikanena amene anamata makoma. Za sukulu ya Lily ndi za chakudya tidzakhala pansi tione. Ngati ocheka matabwa akufuna munthu wonyamula, msana ndili nawo.

Ndikwera basi Lachiwiri pa 17. Zikayenda bwino pamalire, Lachinayi madzulo ndidzakhala ndikukwera phiri. Mpaka tsiku limenelo muzigona kuchipinda kwa amayi, windo lili lotsegula pang'ono, ngakhale akalipe. Muwauze kuti amene anatseka mabowo akubwera.

Ndipo mupite kwa a Fadili. Musawapemphe kuti adzagwire ntchito, ndawavutitsa mokwana. Mungowapempha kuti ngati mtima wawo ulola, andibwereke makwerero, hamala ndi tchizulo. Mabowo ndi asanu ndi atatu, ndidzayamba ndi la kuchipinda kwa amayi, iwo akuona.

Ndine mwamuna wanu,
Henderson